Kuwaza, kufesa m'mizere kapena kuwokera: maluwa akutchire a chaka chimodzi pakhomo

Chaka choyamba chimene ndinayesa kubzala maluwa akutchire kuseri kwa nyumba ndinakolola udzu. Ndinatipula bedi, n'kuthiramo manyowa mawilibala awiri, kenako n'kuwaza paketi yonse ya njere zosakaniza ngati ndikudyetsa nkhunda. Patatha milungu iwiri bedi lonse linali biriwiri, ine mtima uli m'malo. Tsiku limene ndinagwada kuti ndizulire m'pamene ndinazindikira kuti sindikutha kusiyanitsa duwa ndi udzu, popeza timasamba tiwiri toyamba timakhala ngati tofanana pa chomera chilichonse. Ndinazula zimene ndinkaziona ngati zachabe. Zimene ndinazisiya n'kumazithirira mokhulupirika mwezi wathunthu zinadzakhala chisoso.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa njira yabwino yobzalira maluwawa, ndimayamba ndamufunsa kuti mbande zake zikamera adzazizindikira bwanji. Njira zonse zimene ndizikambe pano zimameretsa njere. Zimasiyana pa tsiku la kupalira.

Maluwa a chaka chimodzi ndi aja amamera, kukula, kuchita maluwa, kubereka njere n'kufa m'nyengo imodzi. Alibe nthawi yolimbana ndi zomera zokhazikika, choncho amafuna malo apululu pamene nthaka yangosokonezedwa kumene. Ambiri amene amagulitsidwa m'mapaketi, monga poppy wofiira, cornflower wabuluu ndi corn marigold wachikasu, kale anali udzu wa m'minda ya tirigu ku Ulaya, ndipo ankadalira pulawo kuwatsegulira nthaka chaka ndi chaka. Njere za poppy zimatha kugona pansi zaka makumi angapo, kudikira kuti wina azifukulire poyera. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mabomba ndi maenje a asilikali atagalauza nthaka ya ku Flanders, ku Belgium, minda imene inali matope okhaokha inadzuka ili psuu ndi poppy amene palibe anafesa. Munthu wowaza njere pa kapinga wa pabwalo n'kumayembekeza maluwa akungodyetsa mbalame ndi nyerere.

Ntchito imene simungailumphe

Kaya musankha njira iti, pezani malo owomba dzuwa maola 6 kapena kuposa patsiku. Tipulani, tolani ndi manja mizu yonse ya kapinga ndi maudzu ena oyanga pansi, phwanyani zibuma, salazani ndi reki. Mukatero musafese ayi. Thirirani bedi lopanda kanthulo, kapena lisiyeni mvula ilinyowetse, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu. Njere za udzu zimene zili pamwamba zimera zokha. Zipaleni tsiku la dzuwa kuti zifote, koma khasu lingokanda pamwamba, lisalowe kuposa masentimita 2. Mukalilowetsa kwambiri mufukula njere zina zimene zinagona pansi, ndiye kuti mwabwerera pachiyambi.

Manyowa ndi feteleza asiyeni kaye. Maluwawa sakana nthaka yabwino, koma nayitirojeni akachuluka amangothamangira masamba, amatalika n'kugwa ndi mphepo yoyamba, ndipo udzu ndi umene umadyerera. Cosmos, mmodzi mwa maluwawa, ndiye amaonetsa poyera: pa nthaka yonona amafika m'khosi mwa munthu, masamba thithithi, duwa osaoneka. Ngati dothi lanu ndi la makande lolimba gwa, kompositi wowolerana pang'ono amathandiza kulifewetsa, koma akhale wongofewetsera basi.

Kuwaza

Iyi ndiyo njira imene aliyense amaiganizira poyamba, ndipo zikayenda bwino palibe ina imene imaiposa kukongola. Mitundu imasakanikirana monga mmene zimakhalira kutchire, osaoneka kuti pali dzanja la munthu. Ndi yachangunso: bedi la masikweya mita 10 mumalimaliza madzi a m'ketulo asanawire.

Njere zimafunika zochepa kuposa mmene dzanja limafunira. Zosakaniza zambiri zimakwana magalamu 2 mpaka 5 pa sikweya mita imodzi, koma werengani papaketi, chifukwa njere zimasiyana kukula. Zisakanizeni ndi mchenga wouma wowirikiza kasanu kapena kuposa, kuti zimwazike bwino ndiponso kuti muziona pamene mwadutsa kale. Gawani pawiri: theka loyamba muwaze mukuyenda mulitali mwa bedi, lachiwiri mukuyenda mopingasa. Muzivundula mchengawo pafupipafupi, apo ayi tinjere ting'onoting'ono timatsikira pansi pa chidebe n'kukathera pakona imodzi. Mukamaliza musakwirire. Gonekani thabwa n'kupondapo kuti njere zigwirane ndi dothi. Za poppy ndi zina zazing'ono ngati fumbi zimafuna kuwala kuti zimere.

Vuto lake ndi lomwe linandigwetsa ine. M'bedi lowaza mulibe poponda ndiponso mulibe polowetsa khasu, ndiye udzu uliwonse muyenera kuudziwa nkhope musanauzule. Njere zili pamtunda, mbalame zikuziona, nyerere zikuzituta, ndipo mvula yamphamvu ikagwa tsiku lotsatira zonse zimakokolokera kumunsi. Ine ndimati kuwaza n'kwa munthu amene ali ndi malo aakulu oti sangawalembe mizere, kapena amene walima bedi lomwelo zaka zingapo mpaka udzu unachepamo. Pa malo ongoswa kumene, pamene chaka chatha panali tchire, ndi juga.

Kufesa m'mizere

Anthu ena amaikana njira imeneyi asanaiyese. Amati maluwa akutchire sangaime pamzere ngati ana asukulu. Ndikuwamvetsa, koma mizereyo imaoneka kwa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi yokha. Zomera zikakula n'kugundana mapewa palibe amene angaloze pamene munalemba.

Mumatenga kamtengo n'kulemba timizere tosaya, theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, totalikirana masentimita 20 mpaka 30. Lamulo lakale la alimi likugwirabe ntchito: njere ikwiriridwe kuya kowirikiza kawiri kukula kwake, ndipo zonga fumbi zingopsinjidwa pamwamba. Thirirani mumzeremo musanafese, kuti madzi asadzasunthe njere pambuyo pake. Pakatha masiku 7 mpaka 21, malinga ndi mtundu ndi kutentha, muona kamzere kobiriwira katatuluka. Chili pamzere ndi chanu, chili pakati pa mizere n'cha khasu. Ngakhale mwana mungamutume kukapalira osaopa kuti akakuzulirani maluwa.

Kuti pasaoneke ngati dimba la kabichi, gawani bedi m'zigawo zokhotakhota, zina zazikulu zina zazing'ono, polemba malire ndi mchenga kapena phulusa. Chigawo chilichonse chikhale ndi mtundu wake, ndipo mizere ya chigawo ichi iloze kwina, ya chigawo chinacho iloze kwinanso. Ataliatali monga cosmos akhale kumbuyo kapena pakati, aafupi monga California poppy kutsogolo. Mtundu umodzi muubwereze m'zigawo ziwiri kapena zitatu zotalikirana, kuti diso lizidumpha kuchoka apa kufika apo.

Chovuta pa njira imeneyi ndi kupatulira, ndipo chimavuta mumtima osati m'manja. Mbande zikafika masentimita 5 muyenera kuzula zambiri zathanzi kuti zotsala zipume: poppy ndi cornflower zitalikirane masentimita 15 mpaka 25, cosmos 30 kapena kuposa. Chaka china ndinachita chisoni n'kusiya mzere umodzi wa cornflower osaupatulira. Unatuluka timitengo toonda ngati singano, kalikonse ndi kaduwa kamodzi, ndipo unauma mizere inayo isanafike pachimake. Patulirani kawiri, koyamba pang'ono, kachiwiri nkhono ndi mphutsi zitatengako gawo lake. Dothi likhale lonyowa, ndipo mbande yoyandikana ndi imene mukuzula muziigwirira pansi ndi zala ziwiri.

Ngakhale amene mwasankha kuwaza, tengani kanzeru aka. Fesani njere zochepa za mtundu uliwonse m'kachitini kake, m'dothi loyera lopanda udzu, n'kulembapo dzina. Tizitini timeneti ndi timene tizikuuzani nkhope za mbande zanu. Mudzaona kuti cosmos amatulutsa timasamba tiwiri tatitali topyapyala, kenako masamba onga nthenga. Timasamba toyamba ta California poppy ndi togawanika nsonga ngati lilime la njoka, totuwira. Cornflower ali ndi masamba otuwa a ubweya wofewa, pamene a zinnia amatuluka awiriawiri moyang'anana, okhakhala mukawakhudza. Mukawadziwa kamodzi simudzawaiwalanso.

Nazale ndi kuwokera

Apa mumafesa m'mathireyi, m'machubu kapena m'tizitini, n'kudzawokera mbande zitakhala ndi masamba enieni awiri mpaka anayi, kawirikawiri pakatha milungu itatu kapena inayi. Njere sizitayika, pafupifupi iliyonse imasanduka chomera. Mbande imalowa m'bedi itatsogola kale, udzu n'kumaithamangira m'mbuyo. Kumene nkhono ndi mphutsi zodula mbande zili zambiri, kapena nkhuku za aneba zimalowa kudzapalasa, nthawi zina njira ndi yomweyi basi. Kumadera kumene madzi amaundana m'nyengo yozizira, anthu amafesa m'nyumba milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi chisanu chomaliza chisanadutse, kuti maluwa afulumire.

Koma funsani kaye muzu. Cosmos, coreopsis ndi marigold sadandaula kusamutsidwa. Zinnia amalola ngati mwamuwokera akadali wamng'ono, dothi lake osaligwedeza. Poppy, California poppy, larkspur ndi nigella ali ndi muzu umodzi wautali wolunjika pansi, ndipo ukangothyoka kapena kupindika m'chitini chomeracho chimapinimbira, chimachita kaduwa kamodzi kofulumira n'kutha. Amenewa afeseni pomwe adzakhalire. Ngati mwaumirira, fesani njere ziwiri kapena zitatu m'kachubu ka pepala koti kadzalowe m'dothi konsekonse.

Nazale imafunanso munthu wopezeka pakhomo. Kathireyi kamauma tsiku limodzi lotentha. Mukathirira mopitiriza, mbande zimawola patsinde n'kugona zonse usiku umodzi. Zikasowa kuwala zimatalika n'kuwezuka. Musanaziwokere muzizizoloweza dzuwa ndi mphepo pang'onopang'ono kwa mlungu umodzi, n'kuwokera madzulo kapena tsiku la mitambo. Pa bedi lalikulu ntchito imeneyi ndi yosayenerera phindu lake. Ine nazale ndimaigwiritsa ntchito ngati nkhokwe: mbande makumi awiri za cosmos ndi zinnia zodzatsekera mipata pamene mizere yalephera.

Timipira ta dothi ndi miphika

Timipira ta dongo tosakaniza kompositi ndi njere tinatchuka chifukwa cha mlimi wa ku Japan, Masanobu Fukuoka, amene anabadwa mu 1913 n'kumwalira mu 2008. Dongolo limateteza njere kwa mbalame ndi nyerere mpaka mvula italisungunula. Pa malo otsetsereka kapena osafikika ndi khasu ndi nzeru yabwino, ndipo ana amasangalala kutiumba. Pa bedi la pakhomo sindikuonapo phindu. Njere zimamera mothithikana pamalo amodzi, ndipo kampira kakagwera pa udzu, udzuwo ndi umene umapambana.

Miphika ndi ya amene ali ndi khonde lokha. Ikhale yoboola pansi, yakuya masentimita 20 mpaka 30, ndipo musankhe mitundu yaifupi. Udzu si nkhani m'menemo. Nkhani ndi madzi, tsiku ndi tsiku, ndipo maluwa ake amatha msanga kuposa a pansi.

Njerezo zichokere kuti

Paketi yosakaniza imakopa ndi chithunzi chake, mitundu makumi awiri yonse itachita maluwa tsiku limodzi. M'bedi sizikhala choncho. Itatu kapena inayi yamphamvu imaphimba inzake, ina simera n'komwe chifukwa nyengo yanu si yake. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Paketi yosatchula maina a zimene zili m'kati ine sindigula, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zina ndi zapoizoni: njere za corncockle ndi larkspur si zoti mwana kapena chiweto chitafune. Chachiwiri, mawu akuti "akutchire" sanena kuti ndi tchire la kuti. Cosmos ndi zinnia kwawo ndi ku Mexico. California poppy, amene ndi duwa loimira chigawo cha California ku America kuyambira 1903, anathawa m'minda n'kukhazikika ku Chile, Australia ndi New Zealand. Cosmos anadzaza m'mbali mwa misewu ya ku South Africa ngati ndi kwawo. Duwa lofatsa kwina limatha kulanda malo kwina, choncho ngati mpanda wanu wagundana ndi tchire, dambo kapena mtsinje, fufuzani kaye mndandanda wa zomera zoletsedwa m'dziko lanu.

Kugula mitundu inayi kapena isanu payokhapayokha kumakupatsani ulamuliro, ndipo kumagwirizana ndi kufesa m'mizere. Ngati cholinga ndi njuchi ndi agulugufe, sankhani maluwa otseguka, oti pakati pake pakuoneka. Aja odzaza ngati mpira, amene obereketsa mbewu anawachulukitsira timasamba, ambiri mungu wake ndi wochepa ndipo tizilombo timavutika kufika pa timadzi take. Phacelia, duwa labuluu mofiirira lochokera kum'mwera chakumadzulo kwa United States ndi kumpoto kwa Mexico, likachita maluwa mumalimva ndi makutu musanalione, njuchi zili ng'ung'ung'u. Mapaketi olembedwa F1 ndi a haibulidi: chaka choyamba amakongola mofanana, koma njere zake mukasunga zimabereka zosiyanasiyana.

Njira yachitatu ndi kutola njere za maluwa a m'tchire la kwanuko. Imeneyi ndiyo yokomera tizilombo ta kwanu, chifukwa tinazolowerana nawo kalekale, ndipo maluwawo sadabwa ndi dothi kapena mvula yanu. Imafuna kudekha. Muyenera kuliona duwa likadali pachimake, kukumbukira malo, n'kudzabweranso njere zitakhwima. Pemphani mwini malo, musatole m'malo otetezedwa, tengani pang'ono pa zomera zambiri, ndipo musazule chomera. Njere zakutchire sizimera pamodzi ngati za m'paketi. Zina zimadzuka mlungu uno, zina mwezi wamawa, zina chaka chinacho, chifukwa ndi mmene zimadzitetezera ku mvula yonamiza. Musafulumire kunena kuti zafa.

Nthawi

Kulakwitsa nyengo kumapha maluwa ambiri kuposa kulakwitsa njira. Maluwawa ali m'magulu awiri. Poppy, cornflower, larkspur, phacelia ndi California poppy amakonda kukula kukuzizira, ndipo kukatentha kwambiri amathamangira kubereka njere n'kuuma. Mnzawo ndi Namaqualand daisy, amene kwawo, kumadzulo kwa South Africa ndi ku Namibia, amamera ndi mvula ya m'nyengo yozizira n'kuyala chipululu ndi maluwa mu Ogasiti ndi Seputembala. Amatsegula dzuwa likawala, kukachita mitambo amatseka. Gulu linalo ndi la cosmos, zinnia ndi marigold wamba (osati corn marigold uja), okonda kutentha, amene chisanu choundanitsa madzi chimawapha usiku umodzi.

Ngati kwanu kumagwa chipale, gulu loyamba lifeseni chisanu chisanayambe kapena chikangoyamba kutha, lachiwiri lidikire dothi lifunde. Ngati kwanu ndi kotentha, kwa nyengo ya mvula ndi ya chilimwe, gulu lachiwiri lipite ndi mvula, koma itakhazikika, osati yoyamba ija imene imagwa kamodzi n'kusowa milungu itatu. Loyambalo lidikire miyezi yozizira, ndipo mudzalithirira nokha. Paketi yosakaniza magulu awiriwa, tsiku lililonse limene mungafese, theka lake mwalilakwira.

Ambiri amayamba kuchita maluwa pakatha milungu 8 mpaka 12. Mukafesa njere zonse tsiku limodzi, bedi limayaka pamodzi n'kuzima pamodzi. Gawani katatu, muzifesa motalikiranitsa milungu itatu. Kuthothola maluwa ofota kumatalikitsanso nyengo, chifukwa chomera cha chaka chimodzi chikaona kuti njere zakhwima chimadziwa kuti ntchito yatha.

Chaka chachiwiri: kusiya zidzifese kapena kukolola

Amalonda amakonda kunena kuti mukafesa kamodzi mwathana nazo. Zoona zake n'zakuti njere zimayoyokadi zambirimbiri, koma zimafuna dothi loyera ngati chaka choyamba. Mukangolisiya bedi, chaka chachiwiri maluwa amachepa, chachitatu ndi udzu wokhawokha. Kuti zidzifese bwino, siyani kuthothola kumapeto kwa nyengo, dikirani mitu iume, dulani mapesi n'kuwakutumulira pabedi pomwepo, kenako muwachotse asawolerepo. Nyengo yofesa ikayandikira, palani udzu n'kukanda dothi ndi reki. Mbande zongomera zokha zimakhala zamphamvu, nthawi zambiri kuposa zofesa, koma mwabwereranso ku vuto la kuwaza lija: zimamera paliponse, zosakanikirana ndi udzu, ndipo mtundu wamphamvu umachulukirachulukira. Kwa ine cosmos wapinki analanda bedi lonse m'zaka zitatu, woyera ndi wofiira uja osaonekanso.

Kukolola njere kumatenga madzulo awiri kapena atatu, ndipo ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse. Mutu wa poppy ukauma umatsegula timabowo pansi pa kachipewa kake, mukaugwedeza umalira ngati chisekese, ndipo mumangoupendeketsa mu envulopu. Zikhokhombe za California poppy zimaphulika zokha zikauma n'kuponya njere kutali, ndiye muzizidula zikangoyamba kusanduka zakhaki n'kuziumitsira m'thumba la pepala lotseka. Njere za cosmos ndi zazitali, zakuda, zimathothoka mukangozipotokola ndi zala. Kololani masana mame atauma, yanikani pamthunzi mlungu umodzi, sungani m'mapepala pamalo ouma ndi ozizira. M'pulasitiki zimachita nkhungu ngati munali kachinyezi kotsalira. Lembani dzina ndi chaka pa envulopu iliyonse nthawi yomweyo. Ndili ndi zitatu m'kabati zimene ndinati ndidzazikumbukira.

Panopa bedi langa ndinaligawa pawiri. Chigawo cha kumpanda ndimachisiya chidzifese, ndimangochikanda ndi reki n'kupatulira, popeza mbande zake tsopano ndimazidziwa ndili chiimire. Chigawo choyang'ana pakhonde ndimachilemba mizere chaka chilichonse ndi njere za m'maenvulopu, ndipo cosmos woyera ndimamufesa kumeneko yekha, kutali ndi wapinki uja.